Yankho kwa alamu: chipani chapakati chimathera kuti?

Alamu, ndamva funso lanu lija, loti bwanji kuno munthu ukangotchula za ndale amakuika mbali iyi kapena iyo, ndipo chipani chapakati sichikula. Nditalikitsako pang'ono, mumvere mukapeza mpata.

Anthu apakati alipo, ambiri ndithu. Chimawameza ndi kawerengedwe ka mavoti. Tengani chisankho cha 2019. Chilima wa UTM, poimira upulezidenti, anapeza mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse, ndiye kuti munthu mmodzi mwa asanu. Koma UTM inatenga mipando inayi yokha mwa 193 ya ku Nyumba ya Malamulo. Inde, ena anavotera Chilima kenako phungu wa chipani china, komabe nkhani yaikulu ndi iyi: phungu amapambana ngakhale apose mnzake ndi voti imodzi, ndipo wachiwiri amapita kwawo chimanjamanja. Chipani chimene chili ndi anthu pang'onopang'ono paliponse chimangokhala chachiwiri kapena chachitatu dera lililonse. Pamene chimene anthu ake anaunjikana malo amodzi, MCP ku Dowa ndi ku Lilongwe, DPP ku Thyolo ndi ku Mulanje, chimakolola mipando. Mwaona pamenepo? Lamulo lenilenilo limakomera chipani cha chigawo. Ndipo kusiyana kwathu sikuli pa mfundo kwenikweni, feteleza wotsika mtengo aliyense amalonjeza. Funso limakhala loti kwanu nkuti. Zinaoneka kale mu 1994: Muluzi kummwera, Kamuzu pakati, Chihana kumpoto.

Tsono bwerani ku 50+1. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, nkunena kuti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Ubwino wake, munthu sangalowenso m'boma ndi mavoti 36 pa 100 ngati mu 2014. Koma wachitatu zimamupanikiza, chifukwa pakapanda wopambana amene amabwereza ndi awiri apamwamba okha. Ndiye wachitatu amasankhiratu kokakwera, monga UTM inalowera mu mgwirizano wa Tonse ndi MCP mu 2020. Wovota naye amawerengera, amati ndisataye voti yanga, ndivotere amene angagwetse uja sindimufunayo. Mu 2025 Mutharika ndi Chakwera anagawana pafupifupi mavoti 90 pa 100, ena onse analimbirana zotsalazo.

Ndalamanso. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko limati boma lithandize ndi ndalama chipani chimene chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu. Chaching'ono chizidzionera chokha galimoto, mafuta, nsalu ndi chakudya cha mamonita.

Mukafuna apakatiwo, ayang'aneni kwa aphungu oima paokha. Mu 2019 anapambana 55, chimodzimodzi ndi MCP. Vuto nlakuti ambiri mwa iwo ndi amene anagwa pa mapulaimale a zipani zikuluzikulu zomwezo, ndipo akalowa m'nyumba muja amatsamira ku boma, ati kutsata chitukuko. Sakhala gulu limodzi lokhala ndi mfundo zake.

Ndiye chipani chatsopano chikabwera ndi phokoso pa Facebook, musamawerenge anthu a pa msonkhano, alamu. Funsani kuti chili ndi makomiti m'madera angati, ndi madera ati amene chingakhale choyamba osati chachiwiri, ndiponso ngati chingaike monita pa malo alionse oponyera voti mpaka kuwerenga kuthe usiku.