Apongozi anga angafike ku Erice?

Funso: Akonzi, timakhala ku Leeds, ku Britain, ndipo mu Okutobala tikupita ku Sicily, chilumba cha ku Italy, ndi apongozi anga a zaka 68 amene amavutika ndi mawondo. Tikufuna kukaona mudzi wakale wa Erice. Angakwanitse? — Mayi wa ku Leeds

Yankho: Angakwanitse ndithu mayi, bola muwasankhire poyenda.

Erice ili pansonga pa phiri, mamita pafupifupi 750 pamwamba pa mzinda wa Trapani. Anthu ambiri amakwera pa funivia, tizipinda toyenda pachingwe, ndipo pakatha mphindi 10 zokha amatsikira pafupi ndi chipata cholowera m'mudzimo cha Porta Trapani. Vuto ndi mphepo: ikakula amaimitsa tizipindato. Funsani ku hotelo m'mawa wa tsikulo musananyamuke. Ngati yaimitsidwa, kwerani basi kapena takisi, koma msewu wake ngwokhotakhota, choncho amene amachita nseru m'galimoto akhale kutsogolo.

Chimene chimagwetsa anthu si chitunda ayi, koma miyala. Misewu ya m'mudzimo anaiyala ndi miyala imene yasalala chifukwa chopondedwa zaka mazanamazana, ndipo ikanyowa imaterera ngati therere. Apongozi avale nsapato zamphira kunsi, osati masilipasi, ndipo ndodo yawo ikhale ndi mphira kumapeto. Potsetsereka muziwagwira mkono.

Kunyowako kumabwera ndi nkhungu, imene imatha kukuta phiri lonse pomwe ku Trapani dzuwa likuswa mtengo. Mukaona nsonga ya phiri yabisika m'mtambo, sinthani tsiku, apo ayi simudzaona minda ya mchere ndi zilumba za Egadi. Tengani juzi, kumwambako kumazizira.

Mukangolowa pachipata mupeza Chiesa Madre, tchalitchi cha mu 1314. Nsanja ya belu ili pambali pake ili ndi masitepe oposa 100, opanikizika. Imeneyo asiyireni achinyamata. Linga la Castello di Venere, la m'zaka za m'ma 1100, lili kumapeto ena a mudzi, kokwera. Pitani pang'onopang'ono, mupume pa msewu wa Vittorio Emanuele ndi kudya genovese, kakeke kokhala ndi kasitadi mkati, kokoma kakadali kotentha. Maola atatu kapena anayi akukwanirani.

Ngati apongozi ali ndi pasipoti ya Malawi, afunika viza ya Schengen, yolowera ku Italy ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya. Chilolezo chokhala ku Britain sichilowetsa munthu ku Italy.