Kwa achemwali amene afunsa za mng'ono wawo wa ku Santhe: kutopa kwa MS si ulesi

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba. Mwati mng'ono wanu, mayi wa ana awiri wokhala ku Santhe, madokotala ku Lilongwe anamupeza ndi matenda a multiple sclerosis (mwachidule MS), ndipo chikumusautsa kwambiri ndi kutopa: akangosesa pakhomo thupi lonse lefu, mpaka apongozi ake ayamba kumunena ulesi. Mwafunsa ngati mumugulire mankhwala owonjezera magazi kapena mupite naye akamuike diripi. Ine ndine namwino, ndiye ndiyankha za mbali yathu. Za mankhwala a matenda enieniwo, tisiyire adokotala amene akumuona.

Tiyambe ndi apongoziwo, chifukwa mawu awo akhoza kumupweteka kuposa matenda. Pa MS, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuwononga myelin, chikuto chimene chimakuta mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana. Chikutocho chikawonongeka, uthenga wochokera ku ubongo umayenda mochedwa, pena kuduka panjira, moti thupi limachita kulimbana kuti ligwire ntchito imene ife timaigwira osaganizako. Mwa anthu 10 odwala MS, pafupifupi 8 amadandaula kutopa kumeneku, ndipo sikutha ndi tulo ayi: munthu agona usiku wonse, adzuka ngati wachokera kumunda. Mu 2020 odwala MS padziko lonse analipo pafupifupi 2.8 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi, ndipo matendawa amakonda kuyamba munthu ali pakati pa zaka 20 ndi 40. Kuno kwathu ndi osowa, komanso kuti awapeze pamafunika makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI, n'chifukwa chake kumudzi sawadziwa. Munthu akuoneka wonenepa bwino, alibe bala, satentha thupi, ndiye anthu amathamangira kunena ulesi kapena ufiti. Sapatsirana, ndipo palibe wamulodza.

Diripi iwalani, siyithetsa kutopa kwa mtundu umenewu. Za magazi, musagule kanthu asanamuyeze. Pitani naye kuchipatala chachikulu cha Kasungu kapena chaching'ono chimene ali nacho pafupi akaone kuchuluka kwa magazi, malungo, shuga ndi mkodzo. Mkodzo ndikuutchula mwadala. Odwala MS ambiri chikhodzodzo chimawavuta, mkodzo umatsalira, tizilombo n'kuswana, ndipo matenda a m'njira ya mkodzo amatha kumugwetsa munthu mpaka n'kuoneka ngati MS yakula, chonsecho ndi zochizika. Mumufunsenso mwaulemu kuti usiku amadzuka kangati kukataya madzi. Ena poopa zimenezi amasiya kumwa madzi, kutopa n'kuwonjezeka. Amwe bwino m'mawa ndi masana, achepetse dzuwa likapendeka. Ngati akumwa mankhwala a baclofen kapena amitriptyline, dziwani kuti amenewa amagonetsa. Akawauze adokotala, mwina angasinthe nthawi yomwera, koma asasiye yekha mwadzidzidzi, makamaka baclofen. Nkhawa ndi kukhumudwa nazonso zimadya mphamvu, ndipo mayi amene akunenedwa tsiku ndi tsiku sangalephere kukhala nazo.

Zonsezi zikaonedwa, kutopa kotsalako ndiko kwa matenda enieni, ndipo pamenepa ndi pamene ntchito yathu ili. Mphamvu za mng'ono wanu kuyambira tsopano azizitenga ngati ufa wa mu Febuluwale: umayeza ndi mbale kuti ufike madzulo, supungulira wonse mumphika wa m'mawa. Vuto la amayi athu ndi loti tsiku limene adzuka bwino amafuna kubweza ngongole yonse, kuchapa, kuzira, kutunga madzi, kupita kuchigayo, kenaka n'kugona masiku angapo osadzuka. Apume asanatope. Mawu amenewa ndi ovuta kuwamva kwa munthu amene anakula akuuzidwa kuti kukhala pansi dzuwa lili pamutu ndi manyazi, koma mphindi 15 kapena 20 atagona pamphasa pamthunzi asanafooke zimamupulumutsira tsiku lonse. Akadikira kuti miyendo iyambe kunjenjemera, wachedwa kale.

Mumugulire kope. Kwa masabata awiri azilemba nthawi, ntchito imene wagwira, ndi mmene watopera, kuyambira 1 mpaka 10. Ngati dzanja likuvuta, mwana wasukulu amulembere. Zimaoneka zachibwana, koma kopelo limaulula zimene pakamwa sipanena: ambiri amapeza kuti ali ndi mphamvu m'mamawa ndipo amagwa chakumasana. Mukatero mwadziwa poika ntchito zolemera ndi poika mpumulo.

Kenaka muunike ntchito imodziimodzi. Imene angaigwire atakhala pansi, asaimirire: kutsuka mbale, kusadzula masamba, kuchapa, ngakhale kusamba, pampando. Mbaula, ufa, mchere ndi ndowa zikhale malo amodzi kuti asamangozungulira pakhomo. Kumjigo, kunkhuni ndi kuchigayo apiteko ena. Kusenza ndowa ya malita 20 pamutu kwa munthu amene miyendo yake siidalirika ndi kuputa ngozi. Kumunda sikuti asiyiretu. Kupalira ndi kubandira asiyire bambo a kunyumba kapena aganyu, iye atenge zapamthunzi monga kusoka fodya m'chigafa, kusenda mtedza, kutong'ola chimanga. Anthu aone kuti akugwira nawo, nayenso asadzione ngati katundu.

Nkhani ya kutentha ndiikhalire pang'ono, poti ku Kasungu kuno Okutobala ndi Novembala simasewera. Mitsempha imene chikuto chake chinawonongeka imalephera kwambiri thupi likatentha ngakhale pang'ono. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba za zimenezi mu 1890 ataona odwala ake maso akuchita chifunga akangotenthedwa ndi ntchito. Ndiye mukaona mng'ono wanu wafooka ataphika nsima m'khitchini yautsi masana, kapena atayenda padzuwa kuchokera kumsika, musachite mantha kuti matenda akula; akazizidwa mphamvu zimabwerera. Asambe madzi ozizira, osati otentha monga timachitira ndi odwala ena. Chitenje chonyowa pakhosi, madzi a mumtsuko pafupi, zovala zopepuka, ambulera paulendo. Nyumba ya malata yopanda siling'i masana aithawe, akakhale pansi pa mtengo. Kuphika kukhale panja, m'mawa kapena madzulo. Ndipo zomufukiza kapena kumufunditsa bulangete pa nthunzi, zimene ena angakulangizeni, musalole. Koma chizindikiro chatsopano, monga diso kuchita chifunga kapena mwendo kufa dzanzi, chikapitirira maola 24 ngakhale wazizidwa, chimenecho ndi cha kuchipatala msanga; koma diso likasiyiratu kuona kapena akalephera kukodza, musadikire maola amenewo.

Kupuma sindikutanthauza kugona tsiku lonse. Kale odwala MS ankauzidwa kuti asamadzivute, koma pano zinadziwika kuti kungokhala kumafooketsa minofu, ntchito yaing'ono n'kukhala phiri. Aziyenda pang'ono m'mamawa kukadali kozizira, kufika pamene akadali ndi mphamvu zobwerera. Kudzuka pampando n'kukhalanso kangapo, kuwongola miyendo ndi manja, zimenezo zakwana poyambira. Funsani a mafizo kuchipatala amuonetse zoyenera thupi lake. Nsima yambiri masana imalemetsa thupi. Bola kudya pang'onopang'ono kangapo, ndiwo zake nyemba, usipa, mazira, masamba otendera.

Mapiritsi a kutopa alipo, monga amantadine, koma kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti sanapose mapiritsi opanda mankhwala. Ndiye musagulitse mbuzi chifukwa cha iwo. Nawonso amene akulemberani kumbali kuti ali ndi mankhwala azitsamba ochiziratu MS, akufuna ndalama zanu. Mpaka lero palibe mankhwala ochiziratu, alipo ongochepetsa kubwerabwera kwake.

Inu achemwali, poti mumamukonda, mudzafuna kumulanda ntchito zonse. Ayi. Kusukulu ya unamwino timaphunzira za Dorothea Orem, namwino wa ku America amene ankaphunzitsa kuti wodwala umamuthandiza pokhapo pamene akulephera, kwinako umamuphunzitsa kudzisamalira. Asankhe yekha chimene akufuna kusungira mphamvu zake. Ngati ndi kwaya Lamlungu, Loweruka asachape. Pamaliro akapepese, akhale pang'ono, abwere. Kuchezera usiku wonse ndi kuphika kumaliro apite ena m'malo mwake, ndipo ankhoswe akadziwa chifukwa chake adzamuyankhulira.

Tsiku lopitanso kukaonana ndi adokotala ku Kamuzu Central, mutenge kope lija, ndipo ngati thiransipoti ilipo apite ndi bambo a kunyumba pamodzi ndi apongoziwo. Mukapemphe namwino kapena adokotala awafotokozere okha pamaso. Zimene inu munganene chaka chonse osamveka, akazimva kwa wovala yunifolomu amabwera akuuza anzawo mu minibasi.