Booker asapite: njira ya OKC si yathu

Achimwene, mwafunsa kuti popeza Kevin Durant wapita ku Houston ndipo Bradley Beal wachotsedwa, bwanji Phoenix Suns isangogulitsanso Devin Booker n'kuyambira pansi penipeni monga inachitira Oklahoma City Thunder (OKC). Ndaona ambiri muno akuvomereza. Ine ndikukana, ndipo chifukwa chake si kungomukonda Booker ayi.

Mu NBA, ligi ya basketball ya ku America, timu ikamaluza kwambiri imapatsidwa mwayi wosankha msanga pa draft, pamene matimu amasankha osewera atsopano chaka chilichonse, ndiye kuluza kumakhala ndi phindu lake. Koma phindulo limapita kwa amene wasunga pick ya timuyo, ndiwo ufulu wosankha pa malo ake, osati kwa amene waluza. Apa ndi pamene ife ndi OKC tasiyanirana.

Mu July 2019 Sam Presti, mkulu woona za osewera ku OKC, anatumiza Paul George ku Clippers n'kulandira Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari ndi ma pick asanu a raundi yoyamba. Kenako timuyo inavutika zenizeni. Inapambana magemu 22 okha mu 2020-21, 24 sizoni yotsatira, ndipo mu December 2021 inakwapulidwa ndi Memphis mosiyana mapointi 73. Koma manyazi onsewo ankabweza kanthu. Anasankha Josh Giddey pa nambala 6 mu 2021, Chet Holmgren pa nambala 2 mu 2022, ndipo Jalen Williams anabwera pa nambala 12 ndi pick ya Clippers ija. Chikho chimene atenga mu June 2025, atapambana magemu 68 mu sizoni, chinachokera pamenepo.

Tsopano taonani m'nyumba mwathu. Mat Ishbia atangogula timu mu February 2023, tinatenga Durant ku Brooklyn popereka Mikal Bridges, Cam Johnson, Jae Crowder ndi ma pick a 2023, 2025, 2027 ndi 2029. Patangopita miyezi inayi tinatenga Beal, ndipo Washington inapatsidwa ufulu wosinthana nafe ma pick a 2024, 2026, 2028 ndi 2030 ngati athu ali abwino kuposa awo. Inatsala ya 2031, koma nayo tinaipereka ku Utah mu January 2025. Ndiye mpaka 2031 palibe chaka chimene pick yathu yeniyeni ili m'manja mwathu mopanda wina woigwira. Chimanga tinagulitsa chili chachiwisi m'munda, ndipo tikati tilime mwakhama pa kuluza, okolola ndi a Houston, a Washington ndi ena amene agwira ma pick athu. Tikagulitsa Booker lero n'kupambana magemu 20 mu 2026-27, pick yapamwamba imeneyo ikakhala ya Houston, timu imene ili kale ndi Durant wathu.

Wina wanena kuti ndiye Booker apite ku Houston komweko kuti atibwezere ma pick athu. Maganizowo ndi omveka, chifukwa Houston ndi imene inatenga ma pick a Suns kuchokera ku Brooklyn mu 2024. Koma tayang'anani zimene atipatsa pa Durant: Jalen Green, Dillon Brooks, pick ya nambala 10 ya 2025 (imene inali yathu yomwe poyamba) ndi ma pick asanu a raundi yachiwiri. Za 2027 ndi 2029 anakana kumasula ngakhale pa Durant. Akudziwa mtengo wake, ndipo mtengowo umakwera tsiku lililonse limene ife tikufooka. Kumugulitsa Booker kwa timu ina yolimba nakonso sikuthandiza kwenikweni, chifukwa timu imene ili ndi Booker imapambana, ndipo ma pick ake amagwa kumapeto, cha m'ma 20.

Ngakhale ma pick akanakhala athu, kuluza mwadala sikutsimikizira kanthu masiku ano. Malo oyamba pa draft amaperekedwa pochita maere, ndipo mu 2025 matimu atatu otsiriza aliyense anali ndi mwayi wa 14 peresenti wokha wotenga nambala 1. Chaka chimenecho Utah inapambana magemu 17 basi n'kugwera pa nambala 5, pomwe Dallas, ndi mwayi wa 1.8 peresenti, inatenga nambala 1 n'kusankha Cooper Flagg.

Za Booker yekha ndinene pang'ono. Tinamusankha pa nambala 13 mu 2015. Anagoletsa mapointi 70 ku Boston mu March 2017 timu ili yachabechabe, anapirira sizoni ya magemu 19 mu 2018-19, anatifikitsa mu fainolo ya 2021, ndipo mu February 2025 anapitirira Walter Davis kukhala wogoletsa kwambiri m'mbiri yonse ya Suns. Anasainira zaka zina ziwiri mu July 2025. Wosewera wa mulingo wake wofuna kukhala, pa timu yopanda ma pick, sumutaya kuti ukafunefune mnyamata amene mwina tsiku lina adzafanana naye.

Chimene tikufunika kukambirana muno ndi zimene timuyi ikusowa, ndipo choyamba ndi point guard, woyendetsa mpira. Chris Paul chichokereni mu June 2023 palibe amene wadzaza malo ake. Mu 2023-24 tinasewera opanda woyendetsa mpira weniweni, ndipo amene mumadzuka 4 koloko m'mawa kuonera magemu a ku Phoenix mukukumbukira mmene kota yachinayi inkathera: mpira kutayika mwachisawawa, aliyense kudikira mnzake, timu yotsogola bwinobwino n'kugonja. Minnesota inatitulutsa mu playoff osapambana ndi gemu imodzi yomwe. Tyus Jones anabwera kudzakonza zimenezo, koma kutchinga kunagwa, tinapambana magemu 36 n'kuluza 46 mu 2024-25, ndipo iye anapita ku Orlando mu 2025. Pano mpira ubwereranso m'manja mwa Booker. Amatha kugawa, koma ntchito ziwiri nthawi imodzi zimamutopetsa, ndipo Green ndi wosewera wa malo omwewo a Booker. Green amandidetsa nkhawa. Liwiro ali nalo, anagoletsa mapointi 21 pa gemu mu 2024-25 ali ku Houston, koma mu playoff yolimbana ndi Golden State anawala pa gemu yachiwiri yokha, ya mapointi 38, magemu ena onse n'kuzimiririka. Anabwera kuno ali ndi zaka 23, ndiye sindikumuweruza msanga, koma asatiuze munthu kuti vuto la point guard latha. Ndikanakhala Brian Gregory, mkulu woona za osewera ku Suns, ndikanamvetsera aliyense wofuna Grayson Allen kapena Royce O'Neale, bola abwere ndi woyendetsa mpira wachinyamata.

Pakati, pansi pa basiketi, ndi pamene ndili ndi chiyembekezo. Khaman Maluach, amene tinamupeza ndi pick ya nambala 10 ija, ndi mwana wa ku South Sudan amene anakulira ku Uganda, anaphunzira ku NBA Academy Africa ku Senegal, anasewera mu Basketball Africa League, anaimira dziko lake ku Olympics ya ku Paris mu 2024, kenako Duke. Ndi wamtali mamita oposa 2.1 ndipo anasankhidwa asanakwanitse zaka 19. Ife a kuno tili ndi chifukwa chomunyadira, koma chonde tisamusenzetse timu chaka choyamba. Osewera atali chonchi amachedwa kukhwima. N'chifukwa chake Mark Williams wabwera kuchokera ku Charlotte, ngakhale thupi lake ndi lokayikitsa: mu February 2025 Lakers inamugula kenako n'kubweza malondawo atamupima madokotala. Akakhala bwino, tili ndi anthu awiri otchinga basiketi, chinthu chimene takhala tikusowa chichokereni Deandre Ayton.

Brooks ambiri simumukonda, ndikudziwa. Koma timu imene inali pakati pa otchinga moipa kwambiri mu ligi ikufunika munthu wotero, woti Ryan Dunn ndi Oso Ighodaro aphunzirepo. Ndipo pa nkhani ya otchinga, chimene chimandipweteka mpaka lero ndi Toumani Camara. Tinamusankha tokha pa nambala 52 mu 2023, tinamuponyera ku Portland ngati chowonjezera pa malonda a Ayton asanasewere gemu imodzi ya ligi, ndipo mu 2025 anasankhidwa mu timu yachiwiri ya otchinga bwino mu NBA yonse. Timu yopanda ma pick a raundi yoyamba imakhalira moyo anyamata ngati ameneyu.

Za Beal, ndalama zake tidzazimva kwa zaka zisanu, pafupifupi madola 19 miliyoni chaka chilichonse kwa munthu amene anapita ku Clippers mu 2025. N'zowawa, koma zatitulutsa mu second apron, ija imaletsa timu yowononga ndalama zambiri kuphatikiza malipiro a osewera awiri kuti igule mmodzi. Manja a Gregory amasuka pang'ono.

Chimene ndikuopa kwambiri si osewera, ndi kupupuluma kwa mwini timu. Monty Williams anachotsedwa mu 2023, Frank Vogel mu 2024, Mike Budenholzer mu 2025. Jordan Ott ndi kochi wachinayi m'masizoni anayi, ndipo aka n'koyamba kukhala kochi wamkulu. Ngati pali choti titengere ku OKC, n'chakuti Mark Daigneault anamusunga pa zaka zonse zoluza zija. Ott apatsidwe zaka zitatu zosachepera, pick iliyonse imene yatsala isagulitsidwenso, ndipo anyamata asewere ngakhale akulakwitsa.

Nkhani ya Booker ndingaitsegulenso pa zifukwa ziwiri zokha, achimwene: iye mwini atapempha kuchoka, kapena Houston itaika ma pick athu a 2027 ndi 2029 pa tebulo onse pamodzi. Zimenezo zisanachitike, kumugulitsa n'kupatsa Houston pick yapamwamba kwaulere.