Mafunso a Owerenga: Kodi Penti Ingadzutse Tauni?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndine wolemba zikwangwani, ndakalambira pamakoma a magolosale, masaluni ndi mabawa. Mphwanga amene akuphunzira ku Malaysia wanditumizira chithunzi pa WhatsApp: ana awiri ojambulidwa pakhoma atakwera njinga yeniyeni yachitsulo, anthu ali pamzere kudikira kujambulitsa pomwepo. Akuti ndi ku George Town, pachilumba cha Penang, ndipo akuti zojambula zotere ndi zomwe zinadzutsa tauni yomwe inali itagona. Kodi penti ndi bulashi zingachitedi zimenezo, kapena mwanayu akundinamiza? Nanga wojambulayo anadyapo chiyani?
Wolemba zikwangwani, Limbe

YANKHO: Achimwene, mphwanu sakukunamizani ayi, kungoti wakupatsani mutu wa chambo, mnofu wausiya mumphika.

Khoma limenelo lili mumsewu wotchedwa Armenian Street. Inenso ndinaimapo pamzerewo, thukuta lili kamukamu, kudikira kuti banja lina la anthu asanu ndi awiri lithane nayo njingayo mmodzimmodzi. Nditafika pafupi ndinadabwa kuchepa kwake. Ana awiriwo ndi amsinkhu wa ana enieni basi, khomalo ndi losupukasupuka, ndipo wojambula sanavutike n'kulisalaza. Mlongo ali kutsogolo akuseka, kamnyamata kamukakamira m'chiuno kukamwa kuli yasa. Inu amene mumalemba "Tiyeseko Grocery" pakhoma lonse lathunthu mukhoza kunena kuti ntchito yake ndi ya tsiku limodzi.

Anajambula ndi Ernest Zacharevic wa ku Lithuania, mu 2012, asanakwanitse zaka 30, atapemphedwa ndi okonza chikondwerero cha George Town Festival. Anajambulanso zina zingapo chaka chomwecho: mnyamata wokhala pa njinga yamoto yeniyeni yoyedzamira chitseko chakale ku Ah Quee Street, ndi kamwana koima pampando weniweni wamatabwa, kakunyanyamphira kabowo ka pakhoma ku Cannon Street. Nzeru yake yagona pamenepa. Chithunzicho sichitha pachokha, chimasiya malo oti munthu alowemo. Wina amagwira chishalo ngati akukankha, wina amadzigwetsa kutsogolo ngati wagundidwa. Aliyense amachoka ndi chithunzi chakechake, n'kuchiponya pa Facebook kapena Instagram, ndiye tauni ikulengezedwa ulere.

Koma mnofu uja ndi uwu. George Town inayamba mu 1786, pomwe Francis Light anatenga chilumbachi m'dzina la kampani ya Angelezi ya East India Company. Amalonda a ku China, a ku India ndi Amalay anamanga misewu yodzaza nyumba zogundizana, pansi sitolo, pamwamba banja, zosasiyana kwenikweni ndi masitolo akale a amwenye kwanuko. Pamenepo pali mzikiti wa Kapitan Keling, nyumba ya fuko la Khoo yotchedwa Khoo Kongsi, akachisi ndi matchalitchi, zonse zoyenda wapansi. Mu 1969 doko lake linalandidwa mwayi wolowetsa katundu wopanda msonkho, malonda n'kuzilala. Kenaka mu 2000 lamulo lomwe linkaletsa eni nyumba kukweza lendi linatha ntchito. Alendi ambiri anasamuka, nyumba zina n'kutsala za mileme.

Chomwe chinateteza makomawo kuti asagumulidwe si penti. Mu 2008 bungwe la UNESCO linaika George Town pamodzi ndi Melaka, tauni ina yakale ya ku Malaysia, pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo sungangodzuka n'kugwetsa nyumba pakatikati pa tauniyo. Mu 2009 boma la Penang linachititsa mpikisano womwe unabala zithunzi zoseketsa 52 zopinda ndi tizitsulo, chilichonse chikufotokoza mbiri ya msewu wake. China chimakumbutsa kuti Jimmy Choo, uja wa nsapato zodula ku London, anaphunzira kusoka nsapato ku Penang konko. Ndiye pofika 2012 nkhuni zinali zitayalidwa kale. Zacharevic anangobwera ndi machesi. Mukanatenga njinga yomweyo n'kuikhomera pampanda wa fakitale, palibe akanakwera ndege kukaiona. Alendo amayenda ndi mapu kusaka zojambula, koma chimene chimawasunga masiku atatu ndi nyumbazo, ndi fungo la char kway teow, chakudya chonga supageti cha ufa wa mpunga, wokazingidwa pamoto waukali m'mbali mwa msewu. Ineyo ndinaiwala khoma lachinayi chifukwa cha mbale ya nasi kandar, mpunga wa ndiwo za kale, ndisaname.

Ena anatsatira. Louis Gan, wa konko, yemwe samva, anajambula ana awiri pa katungwe weniweni. Mu 2013 kunabwera zojambula za amphaka pofuna kukumbutsa anthu za ziweto zosowa mwini. Kenaka aliyense wa lesitilanti anafuna khoma lake lojambulidwa, ndipo zina mwa zimenezo, kunena mosapsatira, n'zosaoneka bwino kuposa tambala wa pa bawa ya kumudzi.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndikuona kuti ndi limene lakutengetsani cholembera. Zacharevic anadyapo dzina. Anaitanidwa kukajambula m'maiko ena, ndipo mu 2014 anachita chionetsero chake m'depoti yakale ya mabasi ya Hin, yomwe mpaka lero ndi malo a zaluso. Koma ndalama za tsiku ndi tsiku za pakhoma lija zimagwera ena. Ana a panjinga ali pa malaya, pa makapu, pa zokolekera makiyi, ndipo ogulitsa ake si iye. Mu 2024 anadandaula poyera ataona chithunzi chake chitamatidwa pa ndege ya kampani ina, iye akuti sanapemphedwe. Amene anakolola kwambiri ndi eni nyumba. Msewu ukatchuka lendi imakwera, wosoka nsapato ndi wogulitsa zitsamba amapakira, m'malo mwawo mumalowa malo omwera khofi ndi mahotela ang'onoang'ono. Mu 2019 Zacharevic mwini wakeyo analemba pa Instagram kuti msewu wabata umene anaudziwa wasanduka msika wa alendo, kuti anthu okhalamo achoka, ndipo anafika poganiza zongochifufuta chithunzicho. Sanatero. Tangoganizani mmisiri kulakalaka kupaka njereza pantchito yomwe inamutchukitsa.

Ndiye inde, tauni inadzuka. Ngati anadzuka ndi omwe ankagonamo, pamenepo mayankho amasiyana kutengera amene mwamufunsa.

Poti ndinu wa ntchitoyi, ndikusiyireni ziwiri zapamanja. Choyamba ndi khoma. Nyumba zakale za ku George Town zili ndi pulasitala wa laimu, yemwe amapuma, kutulutsa chinyontho chochokera pansi. Mukaphimba khoma lotere ndi simenti kapena penti ya oilo, chinyonthocho chimatsekeredwa mkati, pulasitala n'kuyamba kufufuma ndi kugwa. Dzuwa ndi mphepo yamchere nazonso sizichitira chifundo: ana a m'bwato omwe Zacharevic anajambula ku Chew Jetty, kumudzi wa nyumba zomangidwa pamitengo pamwamba pa nyanja, anafufutika patangopita nthawi yochepa. Za mkati mwa tauni zakhala zikukonzedwanso, ndipo mu 2024 iye mwini anabwerera ndi bulashi kudzazitsitsimutsa.

Chachiwiri ndi chilolezo. Mu 2013, ku Johor Bahru m'dziko lomwelo, Zacharevic anajambula tizidole tiwiri pakona ya nyumba: mayi wonyamula chikwama chodula, kuseri kwa kona kukumudikira chigawenga ndi mpeni. Anthu anachikonda poti chinkanena za umbava womwe ankaudziwa. Akhonsolo anatumiza anyamata awo kukachifufuta pasanathe masiku ambiri. Mukafuna kuyesa zanu, muyambe mwakhala pansi ndi mwini khoma ndi akhonsolo, ndipo mulemberane papepala kuti chithunzicho ndi cha ndani wina akadzafuna kuchisindikiza pa malaya. Njinga yake musankhe yakutha ndipo muikhomere zolimba, mukuwadziwa anyamata ogula zitsulo.