Funsani za Maimbidwe: Kwaya yathu ikumatsika kiyi

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa kwaya ya achinyamata. Tikaimba popanda kiyibodi timayamba pa F, koma pofika vesi yachitatu timapezeka tili pa E. Vuto lili pati?
Mphunzitsi wa kwaya, Chinamwali

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Kwaya imatsika pang'onopang'ono, ndipo malo amene imaterera ndi odziwika: pa mi-fa ndi pa ti-do. Mipata iwiriyi ndi theka la mipata inayo. Pochoka pa do kutsikira pa ti, kapena pa fa kutsikira pa mi, oimba amapitirira muyeso, ndiye pokwera safika. Zikachitika kangapo m'vesi imodzi, kiyi yapita. Musanayambe nyimbo, tengani mphindi 5 kuimbitsa do-ti-do ndi mi-fa-mi modekha, wina akuliza do pakiyibodi osaleka. Auzeni kuti potsika aziponda pafupi, pokwera aziponda patali.

Kwina ndi mpweya. Noti yotsiriza ya mzere imagwa chifukwa mpweya wawathera. Chongani ndi pensulo malo opumira, ndipo aziimba chilili, osati atawerama pabenchi. Popuma mapewa asakwere, ifutukuke ndi mimba. Akoke mpweya mukuwerenga mpaka 4, autulutse ndi "sss" mpaka 12, sabata yotsatira 16, kenako 20.

Aphunzitsi ambiri amakalipira a sopulano poti ndiwo amamveka kwambiri, chonsecho wolakwa nthawi zambiri ndi besi. Besi ikatsika, onse amaitsata. Imbitsani besi ndi sopulano okha, zikakhala bwino muonjezere alto, pomaliza tena. Jambulani pafoni kuti mumve mzere weniweni umene akuterera. Zikakanikabe, yambirani pa F sharp, kiyi yokwera pang'ono kuposa F; kiyi yachilendo imawachotsa chizolowezi. Ndipo ndi kuzizira kwa Zomba mu June ndi July, kwaya ya m'mawa iyambe yang'ung'udza chotseka pakamwa kwa mphindi 10.

Funso: Mwana wanga wayamba kuphunzira gitala koma akudandaula zala. Asiye?
Mayi wa ku Matawale

Yankho: Ayi mayi, asasiye, koma yambani mwaiona gitalayo. Pa kachitsulo ka nambala 12 ka pakhosi pake, mpata wa pansi pa nsambo yaikulu uzikhala pafupifupi mamilimita 2.5. Ukapitirira 4, ngakhale katswiri zala zimupweteka. Ipititseni kwa wokonza. Chinyezi cha nthawi ya dzinja chimatupitsa thabwa nsambo n'kukwera, choncho isamatsamire khoma lonyowa.

Gitala ikakhala bwino, awenge zikhadabo za dzanja logwirira nsambo, azidina pafupi ndi kachitsulo osati pakati, poti pamenepo sipafuna mphamvu zambiri. Mphindi 15 kawiri patsiku n'zokwanira, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi nsonga za zala zimalimba. Pakatuluka thuza apume mpaka lipole.