Za ma TDA1541A a korona amene mukuti tisonkherane aja

Achimwene, ndawerenga uthenga wanu woti pagulu pano tisonkhe ndalama tigule ma TDA1541A, chip ya Philips yosandutsa nyimbo za digito, monga za pa CD, kukhala mawu omveka. Musatumize kaye ndalamazo. Munthu amene akuti ali ndi ma TDA1541A a korona okwana 30, atsopano, osagwirapo ntchito, akungodikira kuti gulu lisonkhe, mufunseni kuti wawatenga kuti. Philips inasiya kupanga chip imeneyi m'zaka za m'ma 1990, ndipo a koronawo, otchedwa S1, sankapangidwa paokha. Ankachita kusankhidwa kufakitale ngati abwino koposa pakati pa ambirimbiri, kenako n'kuwadinda kachizindikiro ka korona. Ndiye lero mulu wonsewo wangotulukira m'kabati ya munthu mmodzi? Ine zoterezi zinandiwotcha kale, ndipo powerenga uthenga wanu mtima wayambanso kuwawa.

Kunali kugulu lina, si kuno. Mkulu wake anali wolankhula bwino, wodziwadi zinthu, zithunzi za oscilloscope (makina oonetsa mafunde a magetsi) ankaponya tsiku ndi tsiku. Anati tisonkhe kuti aliyense alandire phukusi lathunthu: bodi, chip ya korona, ma clock awiri (tizipangizo tosunga nthawi ya nyimbo za digito) a 22.5792 MHz ndi 24.576 MHz, ma LT3042 (tizipangizo tokhazikitsa magetsi) odyetsa ma clockwo ndi mbali ya +5V, ndi ma capacitor 14 ozungulira chip. Anapempha kuti tilipire pa PayPal ya Friends and Family, njira yotumizira ndalama kwa abale ndi abwenzi, kuti pasadulidwe kanthu. Ine ndinakana, ndinalipira ngati wogula katundu n'kuwonjezera ndekha ndalama zimene amadula zija, chifukwa njira imeneyo ndi yokhayo imene ili ndi chitetezo. Koma chitetezo chake chili ndi malire, dandaulo uyenera kulitsegula pasanathe masiku 180 chilipirireni. Mkulu uja ankazidziwa zimenezi kuposa tonsefe.

Zifukwa zinayamba. Koyamba akuti mabodi abwera olakwika, awabweza. Kenako akuti ma clock atha kwa ogulitsa. Kenako, ndipo apa mpaka lero ndimaseka ndi mkwiyo, anatiuza kuti ma chip achedwa chifukwa cha moto umene unatentha fakitale ya AKM, kampani ina yopanga ma chip a mawu, ku Nobeoka, ku Japan, mu Okutobala 2020. Motowo unachitikadi, ndipo ma chip awo monga AK4499 anasowa pamsika kwa nthawi yaitali. Koma zikukhudzana bwanji ndi chip ya Philips imene inasiya kupangidwa zaka zoposa 20 motowo usanabuke? Wina atafunsa zimenezi anamuyankha kuti ngati alibe chipiriro atuluke, ndalama azilandira katundu wa anzake akafika. Katundu anafikadi. Anafika masiku a PayPal aja atadutsa.

Ndinamanga mosamala. Chip sindinaiwotcherere pabodi, ndinaika socket ya miyendo 28. Ndisanailowetse ndinayeza magetsi onse atatu ndi mita, +5V, -5V ndi -15V, onse ali ndendende. I2S, njira yobweretsera nyimbo za digito kuchokera ku bodi ya USB, inali bwino, mawaya ake a BCK, WS ndi DATA onse m'malo mwake. Ndinalowetsa chip, ndinayatsa, ndinamvetsera pa kasipika kakale koyesera, nyimbo ikutuluka mbali zonse ziwiri, yoyera bwinobwino. Ndinazimitsa, ndinanyamula n'kukalumikiza ku amp ndi masipika anga enieni, amene ndinawamanganso ndekha. Nyimbo yoyamba inatha bwino. Yachiwiri ili pakati, kumanzere kunayamba kumveka kakuthetheka, patalipatali, ndipo ndinkaganiza kuti ndi waya wa RCA wosagwira bwino. Ndinadzuka kuti ndikaugwedeze. Ndisanafike n'komwe, sipika yakumanzere inangoti phwaaa, chiphokoso choboola makutu, chamtundu umene wailesi imachita ikasowa siteshoni koma pa mphamvu yonse ya amp. Kuchepetsa voliyumu sikunandibwerere m'mutu, ndinangothamangira kukhoma n'kuzula pulagi. M'chipinda munangoti zii, kafungo ka vanishi wopsa kakutuluka pa tweeter, kasipika ka mawu apamwamba. Nditaiyeza ndi mita, koyilo inali itaduka. Chip ija nditaikhudza ndinabweza chala msanga, manja akunjenjemera.

M'mawa mwake ndinaitulutsa mu socket n'kuiyang'ana pagalasi lokulitsa. Miyendo inali yowala kwambiri, yomatidwa mtovu watsopano, koma m'mwamba mwake munali timadontho ta mtovu wakale ndi zizindikiro zoti inawongoledwa ndi pulayala. Ndinaviika thonje mu acetone n'kupukuta pamwamba. Thonje linada bii. Kachizindikiro ka korona kanachoka, zilembo za S1 zinachoka, pansi pake panatsala pulasitiki yopalidwa, mizere ya sandpaper ikuoneka yonse yoloza mbali imodzi. Inali chip yozulidwa mu CD player yakale, yotopa, imene imaimba ikakhala yozizira koma ikangotentha imasokonekera. Winawake anaipala, anaipaka utoto, anaiveka korona.

Ndinaponya zithunzi pagulu. Mukudziwa zimene anayankha? Akuti TDA1541A imatentha mwachibadwa. Inde imatentha, aliyense amene anaigwirapo amadziwa, koma kutentha sikufufuta zilembo. Atatero anasintha nyimbo, akuti vuto ndi I/V yanga, gawo losandutsa karenti yotuluka mu chip kukhala voteji, ndalola kuti voteji pa miyendo yotulutsa mawu ipyole 25 mV. I/V yake inali ya pabodi yake yomweyo, yojambula iye mwini! Pomaliza anati sindidziwa kuwotcherera, ndaipha ndekha ndi soldering iron, chip imene iron sinaikhudzepo n'kamodzi komwe. Madzulo ake zithunzi zanga zinafufutidwa, ine ndinachotsedwa pagulu.

Chimene chimandipweteka kuposa mkuluyo ndi anzanga amene tinasonkha nawo. Angapo anandilembera kumbali kuti awonso yawo ikuthetheka ikatentha, wina yake mbali imodzi inali yakufa kuyambira tsiku loyamba, koma pagulu onse kukamwa tseke, poopa kuti angachotsedwe asanalandire ma clock awo. Ena ndiye ankachita kumuikira kumbuyo, ati yawo ikuimba mokoma, korona akumveka. Korona akumveka bwanji? Kusiyana kwa S1 ndi wamba kumaonekera pa mawu otsika kwambiri, uyenera kuika toni ya 1 kHz pa -60 dB n'kuyeza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayeza. Munthu anatidyera masuku pamutu tonse, ena n'kumamuthokoza. Kaya iye anapusitsidwanso ndi amene anamugulitsa, zimenezo ndi zake. Anatenga ndalama za anthu asanayese chip ngakhale imodzi, ndipo zitavuta anasankha kutukwana ife.

Ndiye achimwene, ngati mukufunadi kutsogolera zimenezi, yambani mwagula chip imodzi ndi ndalama zanu. Muipukute ndi acetone, mujambule pamwamba ndi pansi pomwe, mumange bodi imodzi, muisiye ikuimba tsiku lonse pa sipika yoti ikapsa simulira. Kuyesa kwa mphindi zochepa n'kumene kumapusitsa, chifukwa chip yodwala imadikira itenthe. Mukatero mpamene mutchule za ndalama. Ndipo musaphatikize zonse m'phukusi limodzi. Ma LT3042, ma op amp (ma chip okulitsa siginolo), ma resistor ndi ma clock gulani kwa ogulitsa ovomerezeka monga Mouser, Digi-Key kapena Farnell, invoice muiponye pano aliyense aione. Pamenepo ndi pamene kusonkherana kumathandizadi, mtengo wa chimodzi umatsika mukagula zambiri ndipo zotumizira mumagawana. Mabodi safuna n'komwe gulu lalikulu, kampani ya mabodi ya JLCPCB imapanga kuyambira asanu, ingoperekani mafayilo a Gerber (zojambula za bodi) anthu adzionere okha. Lembaninso poyera tsiku limene katundu akapanda kufika ndalama zibwerere, ndipo tsikulo likhale mkati mwa masiku 180, osati kunja.

Chip yakale isalowe m'zosonkherana, ndi maganizo anga amenewo. Amene akuifuna asake CD player yakale ya Philips kapena Marantz imene ili nayo, aimvetsere ikuimba kwa maola angapo, aizule yekha. Ilibe korona, koma ukudziwa kumene yachokera. Apo ayi sankhani chip imene ikupangidwabe, PCM1794A ya Texas Instruments kapena ES9038Q2M ya ESS, zimene mungagule kwa ogulitsa ovomerezeka. Musaganize kuti mwathawa vuto mukasamukira ku PCM1704, PCM63 kapena AD1865, nazonso zinasiya kupangidwa ndipo opala ndi kudinda aja amazidziwa bwino. Ngakhale op amp ya OPA627 ya feki ili mbwee.

Komabe ndisakunamizeni, ndinamanga ya PCM1794A pambuyo pake, pa mita imaposa TDA kutalitali, koma sindikhala nayo pansi usiku wonse ngati mmene ndimachitira ndi TDA1541A yakale ya 16 bit ija. Ndipo ogulitsa zinthu zosowa sadikira, mukamachedwa ndi mafunso ambiri wina amatenga mulu wonse. Choncho inu amene mwalembetsa, achimwenewa akangoti yoyesa yadutsa, lipirani tsiku lomwelo, musawavutitse ndi za mawa mawa, kutsogolera gulu n'kotopetsa ndipo ndalama zawo zimakhala zitatsekeredwa mmenemo. Ine ndilembeni ma clock onse awiri ndi ma LT3042 anayi. Mufunsenso munthu wanuyo zithunzi za pansi pa ma chip ndi manambala a chaka chimene anapangidwa. Zikaoneka bwino, mundisungire awiri.