Kompyuta yakale imene ikuzima yokha: kodi ingakhale seva?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Luwinga, amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza ntchito za ophunzira a ku Mzuni. Akuti ali ndi kompyuta yakale ya Core i5 yokhala ndi RAM ya 8GB, ndipo akufuna ikhale seva yosungira mafayilo a makompyuta atatu a m'shopumo. Vuto lake, imazima yokha, nthawi zina fani imazungulira koma sikirini ili bii, ndipo magetsi akathima deti imasokonekera. Akufunsa ngati aikemo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pompano kapena angogula ina.

Achimwene, makinawo ndi okwana pa ntchitoyo, musathamangire kugula. Koma musaikemonso kanthu musanapeze chikuizimitsa, chifukwa seva imayaka usana ndi usiku, ndipo ikazima ili pakati polemba fayilo, fayiloyo yawonongeka.

Za deti nzosavuta. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama, CR2032, ka 3V, kamene kamasunga deti magetsi akathima. Katha, sinthani.

Sikirini yakuda kawirikawiri imakhala RAM. Mzuzu muno chinyezi nchochuluka, ndipo timano tagolide ta RAM timachita litsiro mpaka magetsi osadutsa bwino. Zulani chingwe pakhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi 15, gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu atuluke, kenako chotsani RAM. Pukutani timanoto ndi labala wa pensulo, mopepuka. Bwezeretsani imodzi yokha mpaka ilire kuti "twa" mbali zonse, yatsani, kenako yesani inzakeyo. Ikayaka, isiyeni pa Memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM, usiku wonse. Mzere wofiira ngakhale umodzi, RAM imeneyo isalowe mu seva.

Pa kuzima yokha, yang'anani nthawi imene ikuzimira. Ngati imayamba bwinobwino nkuzima patapita mphindi 10 kapena 20 ikugwira ntchito, ndi kutentha: purosesa imadzizimitsa dala kuti isapse. Chotsani fumbi lomwe laundana pa heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, ndipo popemerera mugwire fani ndi chala isazungulire. Palani thermal paste wakale amene wauma ngati dothi (phala la pakati pa purosesa ndi heatsink), muike watsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, osaposa apo.

Ikamazima nthawi ina iliyonse, ngakhale ili yozizira, kayikirani power supply, bokosi lopereka magetsi mkati mwa kompyuta. Pa pulagi yake ya mapini 24, mutaizula pa motherboard, lumikizani waya wobiriwira ndi wakuda pogwiritsa kawaya kakafupi, fani yake izungulire. Ndi multimeter, wachikasu apereke 12V, wofiira 5V, wa olenji 3.3V. Wachikasu akatsika pansi pa 11.4V, power supply yatopa. Dziwani kuti ma Dell ndi HP ena ali ndi mapulagi awoawo, ndiye njirayi musaiyese pa iwo. Chonde bokosi la power supply musalitsegule, limasunga magetsi ngakhale mutazula pakhoma. Onaninso ma capacitor, timigolo ting'onoting'ono ta pa motherboard: pamwamba pake pakhale pathyathyathya, otupa kapena otuluka zabulawuni ndiye afa.

Zikatheka zimenezi ndi pamene muike Ubuntu Server 24.04 LTS. Ine ndingaiike pa SSD yaing'ono ya 128GB, mafayilo nkukhala pa hard disk ina payokha. Diskiyo muifunse kaye za thanzi lake ndi lamulo la smartctl -a /dev/sdb. Manambala a Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector akhale 0, ndipo akamakwera musaidalire. Ikani Samba kuti makompyuta a Windows aone foda ya pa seva. Lumikizani ndi chingwe, osati Wi-Fi, ndipo pa router muipatse IP yosasintha, monga 192.168.1.10, apo ayi tsiku lina mudzadzuka foda isakupezeka.

Magetsi ndiwo amapha ma seva ambiri kuno. Mu BIOS, menyu yomwe mumalowa kompyuta ikangoyaka, fufuzani Restore on AC Power Loss, pa Dell amati AC Recovery, musankhe Power On kuti magetsi akabwera iziyaka yokha. UPS (bokosi la batire lopereka magetsi akathima) ya 650VA, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi batire imodzi ya 12V 7Ah, ikupatsani mphindi zochepa chabe. Ntchito yake si kuyendetsa shopu, koma kupereka mpata woti seva izime mwadongosolo. Sankhani yokhala ndi doko la USB, muike pulogalamu ya NUT kuti izidzizimitsa batire ikatsika. Pulinta ya laser musaiike pa UPS, imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa.

Madzulo aliwonse koperani mafayilo pa diski yakunja ndi pulogalamu ya rsync, mukatero muizule nkuika mu dirowa. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, mphenzi ikhoza kulowera pa waya nkupsereza zonse zolumikizidwa nthawi imodzi, diskiyo pamodzi ngati munaisiya pa seva.